Chibale Chikawola: Kusanthula Buku la The Heaven Shop

Mabuku a nkhani zopeka olembera ana a zaka 10 mpaka 14, amene zochitika zake zili mumzinda wathu uno wa Blantyre, ndi ochepa zedi. Limodzi mwa ochepawo ndi The Heaven Shop, limene adalemba Deborah Ellis wa ku Canada ndipo lidatuluka m'chaka cha 2004 kudzera ku kampani ya Fitzhenry & Whiteside. Mayiyu adatchuka ndi buku la The Breadwinner la m'chaka cha 2000, lonena za mtsikana wa ku Afghanistan. Kuno kwathu adafika ndi mapazi ake, nayendera Malawi ndi Zambia kucheza ndi ana amene Edzi idawalanda makolo, ndipo zimene anawo adamuuza adazisonkhanitsa m'buku lina lotchedwa Our Stories, Our Songs la m'chaka cha 2005. Tsono sitikunena za munthu wongomva za m'maluwa. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo cholinga changa pano ndi kuona pamene kalumoko kameta bwino ndi pamene kangopala pamwamba.

Nkhani yake nayi mwachidule. Binti Phiri ndi mtsikana wa zaka 13 wokhala mu Blantyre ndi bambo ake, mkulu wake Junie ndi mlongo wake Kwasi. Mayi awo adamwalira kale ndi matenda amene pakhomopo palibe wowatchula dzina. Bambo ali ndi malo okhomera mabokosi a maliro, ndipo dzina la malowo ndilo mutu wa bukuli. Malonda akuyenda, pakuti anthu akufa kwambiri. Binti amaphunzira pa sukulu yolipira ya atsikana, amachita nawo sewero la pa wailesi lotchedwa Gogo's Family, ndipo amadziona ngati munthu wodziwika. Bambo atadwala namwalira, agogo a ku Mulanje aimirira pamaliro nanena poyera kuti mwana wawo wafa ndi Edzi. Achibale atenga chuma chonse nagawana ana: Kwasi ku Monkey Bay, atsikana awiri ku Lilongwe. Kumeneko sukulu ithera pomwepo, anawo asanduka antchito, ndipo eni nyumba amawasala poopa kupatsidwa matenda. Junie, amene chibwenzi chake chidatha mbiri ya maliro itamveka, ayamba kugona ndi amuna kuti apeze ndalama, kenaka athawa. Binti naye athawira kwa agogo ku Mulanje, kumene apeza gulu la ana amasiye ndi mtsikana wa msinkhu wake dzina lake Memory, amene ali kale ndi mwana kumbuyo. Jeremiah, mlangizi wa achinyamata amenenso ali ndi kachilombo, athandiza kupeza Kwasi, yemwe ali m'ndende, ndiponso Junie. Agogo amwalira, koma ana atatu aja akumananso nayamba kukhoma mabokosi monga ankachitira bambo awo.

Chinthu choyamba chimene ndiyamikira mlembiyu ndi chakuti adadziwa pamene pali bala lenileni. Mlendo wina akadalemba za njala, nsanza ndi ntchentche, basi nkutseka buku. Ellis adaona kuti chimene chimapha mtima wa mwana wamasiye ndi kutayidwa ndi anthu amene iye amawatchula kuti amalume ndi azakhali. Timanyadira mwambi wakuti chibale ndi fupa sichiwola, komanso uja wakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo timakonda kuuza azungu kuti kwathu kuno kulibe mwana wopanda kholo. Buku ili litiika pa galasi nkutifunsa kuti tidziyang'ane. Anthu amene akuthyola moyo wa Binti sadachokere kutali. Adalira nawo maliro, adadya nsima ya pasiwa, ndipo maso awo anali pa katundu misozi isanaume.

Kuno ku Sunnyside kumene ndikulembera, nkhani yotere siifuna womasulira. Kuseri kwa mipanda italiitali ya njerwa, m'nyumba zina muli kamtsikana kamene alendo akafunsa amayankhidwa kuti ndi mwana wa malemu achemwali. Ndiye woyamba kudzuka kukolopa ndi kuteleka madzi osamba, ndiye womaliza kugona atatsuka mbale. Ana a eni nyumba akamakwera galimoto kupita ku sukulu, iye amakhala akutsegula geti. Sitimutcha wantchito, pakuti wantchito amalandira malipiro pakutha pa mwezi ndipo angathe kusiya ntchito. Iyeyu amalipidwa ndi mawu akuti tikumusunga. Mitu ya buku yonena za Lilongwe ndi imene ndiiona yamphamvu koposa, chifukwa Ellis waonetsa kuti mwana angathe kukhala ndi denga, nadya tsiku ndi tsiku, koma ali wotayidwa ndithu. Wowerenga wa ku Toronto adzamva chisoni. Wowerenga wa ku Sunnyside, Namiwawa kapena Nyambadwe ayenera kumva manyazi, ndipo buku limene lichititsa munthu manyazi oyenera lagwira ntchito yake.

Chachiwiri ndi mawu a agogo pamaliro. Achinyamata a lero sangamvetse msanga kulemera kwa chochitika chimenechi. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika m'chaka cha 1985, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake tinkazemba dzinalo ngati mtunda wa minga. Tinkati kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, matenda a masiku ano. Polengeza maliro tinkati malemu adwala nthawi yaitali. Kenneth Kaunda wa ku Zambia adadabwitsa anthu m'chaka cha 1987 ponena poyera kuti mwana wake adafa ndi Edzi. Kuno kwathu, m'mwezi wa February 2004, Bakili Muluzi ali pa mpando adaulula chimodzimodzi za mng'ono wake. M'chaka chomwecho kafukufuku wa boma adapeza kuti anthu pafupifupi 12 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo. Ellis adaika mawu ovutawo m'kamwa mwa nkhalamba ya kumudzi, ndipo apa adalasa. Pamaliro a kwathu, munthu amene angathyole mwambo osagwidwa pakamwa ndi mayi wokalamba amene waika ana ake m'manda mmodzimmodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mlembi sadabise mtengo wa chilungamocho: mawu a agogo omwewo ndi amene atsegulira adzukulu khomo la kusalidwa. Choonadi chinenedwa ndi wamkulu, chilango chigwera ana. Buku la ana lochepa mtima likadapewa mfundo yowawa ngati imeneyi.

Chachitatu ndi Binti mwini wake. M'nthano za kwathu mwana wamasiye amakhala wofatsa ndi womvera, wozunzidwa ndi mayi womupeza, mpaka mbalame kapena nkhalamba ya kumtsinje imupulumutsa. Oliver Twist wa Charles Dickens nayenso ndi woyera mtima kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Binti ndi wina. Ndi wonyada, amakumbutsa aliyense kuti iye adali pa wailesi, ndipo atafika ku Mulanje amaona ana anzake amasiye ngati anthu a mtundu wina. Ulendo wake weniweni ndi wochoka pa "ine" kufika pa "ife", ndipo Memory, amene alibe nthawi yomvera za wailesi pamene pali ana ofuna kudya, ndiye amutsitsa pansi. Mwana wowerenga amakhulupirira mpangankhani wolakwa ngati iye mwini. Pano Ellis ali pafupi ndi Samuel Nthara, amene m'buku la Nthondo la m'chaka cha 1933 adatipatsa mnyamata wofedwa bambo yemwe sadali mngelo konse.

Tsono tiyeni tione pamene kalumo kabuntha. Ndiyamba ndi zazing'ono, ndiwo maina. Kwasi ndi dzina la Aakani a ku Ghana, lopatsidwa kwa mwana wamwamuna wobadwa Lamulungu. Binti ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mwana wamkazi, ndipo kwathu kuno timalimva kwa Ayao m'mawu akuti Abiti, otsatana ndi dzina la bambo. Sililowa bwino m'khutu likaima lokha pambali pa mfunda wa Phiri. Mkulu woyendetsa sewero la pa wailesi ndi Mr. Wajiru, dzina lomveka ngati la ku Kenya. Wina adzati izi nzachabe, mwana angapatsidwe dzina lililonse. Zoona, koma m'nkhani yopeka dzina ndi chikwangwani cholozera kwawo kwa munthu. Mwana wa ku Ndirande akamva Chikondi, Mavuto kapena Tiyanjane amadziwa kuti ali pakhomo. Akamva Kwasi amazindikira kuti wolemba ankaona Africa yense ngati mudzi umodzi.

Chachikulu koposa maina ndi nkhani ya mbumba. Anthu ambiri a ku Mulanje ndi madera ozungulira Blantyre, Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, komanso Achewa a m'chigawo cha pakati, amawerengera mtundu kuchikazi. Ana ndi a kwa mayi, ndipo mwinimbumba ndi mlongo wa mayiyo. Bambo akamwalira m'tauni atasiya nyumba ndi bizinesi, mkangano umabuka pamfundo imeneyi: akuchimuna amati chuma ndi cha m'bale wawo, ana apite kwao, akuchikazi amalandira ana opanda kanthu m'manja. Kulanda chuma cha masiye kumamera pa mphambano ya mwambo wa kumudzi ndi chuma cha m'tauni. Buku silifika pamphambano imeneyi. Limationetsa achibale adyera, koma funso la mwinimbumba silikhala pakati pa nkhani. Motero wowerenga wakunja amatseka buku akuganiza kuti vuto ndi mitima yoipa ya anthu angapo, pamene ife tidziwa kuti anthu a mitima yabwino ndithu amachita zomwezo nkumati akutsata mwambo.

Izi zindifikitsa pa achibale a ku Lilongwe. Iwo ajambulidwa ndi makala okhaokha, opanda choko ngakhale pang'ono. Sindikuwaikira kumbuyo. Koma taganizani za munthu wa m'zaka zimenezo, njala ya 2001 ndi 2002 itangodutsa, ali ndi ana akeake, wangoika abale angapo m'manda, ndipo uthenga wafika wakuti pali ana ena awiri oti awatenge. Nkhanza zake zimachokera ku mantha, umbuli wa mmene matendawa amafalira, ndi thumba lobooka. Mlembi akadatilowetsa m'mutu mwa mayi wa pakhomopo ngakhale pa tsamba limodzi, mwana wowerenga akadaphunzira chinthu chovuta koma chofunika: kuti munthu wamba, wopemphera, wokonda ana ake, angathe kuzunza mwana wa m'bale wake. Chilombo cha m'nthano sichiopsa kwenikweni, chifukwa palibe wowerenga amadziona mwa icho. Pachifukwa chomwechi manyazi amene ndanena aja ena angawazembe mosavuta, nkumati ife sitili ngati amenewo.

Palinso malo amene nkhani imaima kuti phunziro lidutse. Jeremiah ndi mnyamata wokondeka, koma nthawi zina akatsegula pakamwa timamva kapepala ka ku chipatala. Vuto ili si la Ellis yekha. Masewero athu a pa wailesi ndi mabuku ambiri olembedwa ndi thandizo la mabungwe adadwala nthenda yomweyi, yoika uthenga patsogolo ndi munthu pambuyo. John Gwengwe m'buku la Sikusinja ndi Gwenembe adaphunzitsa za kuipa kwa nsanje popanda kuimika nkhani kuti alalikire. Mbalame idaimba, wowerenga namva yekha. Ana amazindikira msanga pamene wamkulu wabisa mankhwala m'nthochi.

Koma funso limene landivutitsa koposa ndi ili: kodi nkhaniyi ndi ya yani? Ellis adasankha mwana wa pabwino amene agwa kuchoka pamwamba. Nzomveka, pakuti owerenga ake oyamba ndi ana a ku Canada ndi ku Britain, ndipo iwo angagwire dzanja la mtsikana wa yunifolomu ndi nsapato mosavuta kuposa la mtsikana wosadziwa mkati mwa kalasi. Umphawi m'bukuli ndi dziko lachilendo limene Binti alowamo, ndipo ife tiuona ndi maso ake odabwa. Nanga Memory? Iyeyu adabadwira momwemo, adachitidwa zoopsa ndi munthu wamkulu wokhulupirira bodza lakuti kugona ndi namwali kumachiza Edzi, ali ndi kachilombo, akulera khanda, akuphikira gulu la ana. Nkhani yolemera ili mwa iye, koma ntchito yake m'buku ndi kuphunzitsa Binti kudzichepetsa. Ana ambiri a ku Manase, kungotsika pang'ono kuchoka ku Sunnyside, kapena a ku Mbayani ndi Bangwe, ndi a Memory. Iwo sadagwe kuchoka paliponse. Buku limene lidzayambe ndi Memory pa tsamba loyamba, umphawi uli mpweya umene wapuma chibadwire, lidzakhala lovuta kulemba, pakuti mulibe kugwa kodzidzimutsa kokokera wowerenga. Mlendo wa masabata owerengeka sangalilembe, ndipo sitingamudzudzule pa chimenecho.

Tsopano za chiyembekezo, chimene buku lililonse la ana liyenera kukhala nacho. Ndiona mitundu itatu. Woyamba ndi wa nthano ndi wa Dickens: chipulumutso chigwa kuchokera kumwamba, kaya ndi mbalame yamatsenga kaya wachibale wolemera amene adali wosadziwika. Wachiwiri ndi umene tiupeza m'mbiri za moyo monga I Will Try ya Legson Kayira ya m'chaka cha 1965, ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya William Kamkwamba ndi Bryan Mealer ya m'chaka cha 2009: mwana mmodzi wanzeru ndi wakhama apyola mpanda, maphunziro namutengera ku America. Nkhani zimenezi nzoona ndipo nzolimbikitsa, koma khomo lake ndi lopapatiza, lolowa mmodzi pa zikwi. Ellis adasankha mtundu wachitatu. Palibe mzungu wobwera kudzatenga Binti, palibe chuma chobwezedwa, Junie sachira. Chimene ana apeza ndi iwo eni okhaokha, luso la manja limene bambo adawasiyira, ndi nzeru yakuti mutu umodzi susenza denga. Ichi ndi chiyembekezo chimene mwana wamba angachigwire ndi manja, ndipo pa ichi ndimuvulira chipewa mlembiyu.

Komabe tisathamangire kuomba m'manja tisanaone chimene anawo akugulitsa. Chakudya chawo chidalira kuti anthu apitirize kufa. Ena adzati apa mlembi waonetsa kulimba mtima, ndipo ndivomera kuti m'chaka chimene ankalemba panalibe mathero ena oona. Koma mbiri idachita zake. M'chaka chomwecho cha 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake ndi thandizo la Global Fund, ndipo m'zaka zotsatira maliro adachepa kotero kuti okhoma mabokosi ambiri adayamba kukhoma mipando ndi makama. Chimene chidapulumutsa a Junie enieni ndi mankhwala, ndalama ndi mfundo za boma. Buku limene limaliza ndi ana akudzidalira okha, lokoma chotere, lingathe kugonetsa tulo akuluakulu amene adayenera kufunsidwa kuti adali kuti. Ana a zaka 13 akamalera anzawo timawatama kuti ndi olimba, ndipo kutamako nthawi zina ndi njira yathu yothawira mlandu.

Wina angafunse ngati buku la 2004 lili ndi ntchito lero. Zambiri zasintha. Mtukula Pakhomo adayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2010, ndipo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati kulanda katundu wa ofedwa ndi mlandu. Mwana wobadwa kwa mayi wa kachilombo lero angathe kubadwa wopanda kachilomboko. Mbali ya buku yonena za Edzi ngati chilango cha imfa tsopano iwerengedwe ngati mbiri, ndipo mphunzitsi ayenera kuwauza ana motero. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika lokha pasiwa usiku umene achibale akugawana makiyi. Ana opempha mu Victoria Avenue ndi pa msika wa Limbe, amene mabungwe onga Chisomo Children's Club amayesa kuwabwezera kwao, ambiri ali ndi achibale amoyo ndithu. Mbali ya buku yonena za kutayidwa sidakalambe.

Mawu anga omaliza apite kwa ife amene timasonkhana kuwerengerana zolemba. Timakonda ndakatulo zozama ndi nkhani za akuluakulu, ndipo kulembera mwana wa Sitandade 7 timakuona ngati ntchito yopepuka yosayenera munthu wa pa yunivesite. Pamene ife tinkazengereza, mayi wa ku Canada adabwera, namvetsera, nalemba, ndipo phindu la buku lake adalipereka ku UNICEF. Kumuseka chifukwa cha dzina la Kwasi nkosavuta; kulemba buku loposa lake ndiye ntchito. The Heaven Shop liwerengedwe m'sukulu zathu, ndipo aphunzitsi alole ana kulitsutsa: atchule maina amene akadayenera, afotokoze kumene kudali amalume a kuchikazi, anene zimene mayi wa ku Lilongwe ankaganiza usiku. Pambuyo pake mmodzi wa ife akhale pansi alembe nkhani ya Memory m'Chichewa, m'mawu amene kamtsikana kotsegula geti kaja kangawerenge kokha mbale zikatha.